Mitsuko ya Madzi ndi Buku la Zobwereka: Mmene Kompyuta Imasungira Zimene Talemba



Cakumapeto kwa temu yatha ndinakaceza pa sukulu ina ya kumudzi imene ili ndi kompyuta imodzi yokha, yosungidwa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Kumeneko ndinapeza amayi ena, aphunzitsi a Giredi 7, ali pakati pa mulu wa mapepala, nkhope ili yakugwa. Anandiuza kuti anatha masiku awiri akulemba malikisi a ana ao m'kompyutamo, ndipo posafuna kusiya zotsatira za mayeso m'makina amene aliyense amagwira, anali kusungira nchito yao yonse pa fulashi. Tsiku lomaliza, atangolemba dzina la mwana wotsiriza, anamva kuti basi ya ku boma ili pafupi kunyamuka. Anazula fulashiyo nathamanga. Atafika ku boma, fayilo inakana kutseguka. Dzina lake linali kuoneka bwino lomwe, koma m'kati mwake munalibe kanthu. Pamene ndinawapeza anali atayambanso kulemba kucokera pa mwana woyamba.

Amayiwo anali kuganiza kuti fulashi yao inali yacabecabe. Ine ndikukayika. Kuti timvetse cimene cinacitika tsiku limenelo, ndikupemphani kuti tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 40, ku nthawi imene nkhani yonseyi inali kulamulidwa ndi mizere iwiri cabe, imene mwini kompyuta anali kulemba ndi manja ake. Makompyuta a lero amabisa zinthu zimenezi, koma akale anali kuziika poyera, ndipo n'cifukwa cake ali abwino kuphunzirirapo.

M'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imayang'anira zina zonse, monga mmene kapitawo amayang'anirira anchito pa munda waukulu. Pa Cingelezi amaichula kuti operating system. Pulogalamu yolembera kalata ikafuna kutenga kanthu pa disiki, kapena kuikapo kanthu, imapempha kapitawoyu, ndipo iye ndiye amapita. Windows ndi kapitawo wotere, Linux nayenso, ndiponso Android amene ali m'mafoni ambiri a makolo anu. Koma amene tikambe za iye lero ndi wakale, dzina lake DOS. Analembedwa m'caka ca 1980 ndi Tim Paterson pa kampani ya Seattle Computer Products ku America. Kampani ya Microsoft inamugula, ndipo pamene IBM inatulutsa kompyuta yake yochedwa IBM PC mu August 1981, DOS ndiye anali kapitawo wake. Mu March 1983 kunabwera DOS 2.0 pamodzi ndi kompyuta ya IBM PC XT, imene inali ndi hard disk ya 10 MB m'kati mwake. DOS 2.0 ameneyu ndiye anayamba kuwerenga kafayilo kakang'ono kochedwa CONFIG.SYS nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa, ndipo m'kafayiloka ndimo munali mizere yathu iwiri ija.

Tisanafike pa mizereyo, ana inu mufunika kudziwa kuti kompyuta ili ndi malo awiri osungiramo zinthu. Yang'anani kutsogolo kwa kalasi yanu. Pali bolodi, ndipo m'manja mwanu muli kope. Pa bolodi aphunzitsi amalemba msanga ndi kufuta msanga, koma zimene alemba sizigona. Madzulo wina amazifuta. Zolembedwa m'kope zimakhala kufikira caka camawa. Bolodi ya kompyuta imachedwa RAM. Ndi yofulumira kwambiri, koma magetsi akangozima zonse zimene zinali pamenepo zimafufutika nthawi yomweyo. Kope la kompyuta ndi disiki, ndipo masiku ano fulashi imagwira nchito yomweyo. Zolembedwapo zimakhalabe ngakhale magetsi atazima mwezi wathunthu.

Vuto la disiki ndi kucedwa. Disiki ya floppy ya masiku amenewo, ya mainchi 5 ndi kota, inali kambale kopyapyala kotsekeredwa m'cikwama, ndipo inali kuzungulira nthawi 300 pa mphindi imodzi, ndiye kuti kasanu pa sekondi. Kuti kompyuta iwerenge mau ena pamenepo, coyamba kamota kanayenera kuyamba kuzungulira, kenaka kamutu kowerengera kanayenera kusuntha kufika pa mzere woyenera, ndiyeno kudikira kuti malo ofunikawo azungulire kufika pansi pake. Kwa ife anthu theka la sekondi si kanthu. Koma kompyuta yomweyo inali kutenga cilembo m'RAM m'nthawi yosafika gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Conco kwa kompyuta, ulendo umodzi wa ku disiki unali ngati ulendo wa ku citsime ca kutsidya kwa dambo.

Tsono taganizani za amayi anu kunyumba. Akafuna madzi pang'ono othira m'ndiwo, kodi amanyamula kapu n'kupita nayo ku citsime? Iai. M'mawa amatunga cidebe codzaza nathira mumtsuko, ndipo tsiku lonse aliyense wofuna madzi amatunga mumtsukomo, pafupi ndi khomo. Kompyuta nayo ili ndi mitsuko yake. Ndi timalo tating'ono topatulidwa m'RAM, ndipo kamodzi ka timaloti kamachedwa buffer.

Disiki siipereka cilembo cimodzi pacokha. Inagawidwa m'tizigawo tofanana tochedwa ma sector, ndipo sector imodzi imatenga ma byte 512. Byte imodzi ndi malo okwanira cilembo cimodzi kapena nambala imodzi. Aphunzitsi, apa pali masamu abwino a Giredi 6 ndi 7, ndipo ndingakondwe mutawalemba pa bolodi. Floppy ija inali kulembedwa mbali zonse 2, mbali iliyonse inali ndi mizere yozungulira 40, ndipo mzere uliwonse unali ndi ma sector 9. Ana apeze kuti ma sector onse anali angati. Yankho ndi 720. Akaculukitsa 720 ndi 512 adzapeza ma byte 368,640, ndipo n'cifukwa cake disiki imeneyo inali kuchedwa ya 360 KB, pakuti KB imodzi ndi ma byte 1,024.

Tinene kuti pa disiki pali ndandanda ya ana a sukulu, ndipo dzina la mwana mmodzi pamodzi ndi malikisi ake zimatenga zilembo 60. Pulogalamu ikapempha mwana woyamba, DOS amapita ku disiki, natenga sector yonse ya ma byte 512, naithira mu buffer, ndiyeno n'kupereka zilembo 60 zimene zapemphedwa. Pulogalamu ikapempha mwana waciwiri, DOS amayamba wayang'ana m'mitsuko yake, ndipo popeza mwanayo alimo kale, ku disiki sapitako. Gawani 512 ndi 60: mupeza 8, kutsala 32. Ulendo umodzi wathandiza ana 8, ndi kuyambako pang'ono wa nambala 9.

Mwina wina afunse kuti, nanga mtsuko umodzi sungakwane? Sungakwane, cifukwa DOS sanali kutenga mau a m'fayilo okha. Kuti apeze fayilo anayenera kuwerenga ndandanda ya maina a mafayilo, imene imachedwa directory. Ndiponso fayilo imodzi kawiri-kawiri inali yomwazikana, cidutswa apa cidutswa apo, monga minda ya munthu mmodzi imene ili m'malo osiyana-siyana. Cotero panali tebulo lina, lochedwa FAT, losonyeza kumene cidutswa cotsatira cili, ndipo DOS anali kulifunsa kosalekeza. Zonsezi zinali kufuna mitsuko. Mitsuko yonse ikadzaza koma kwabwera madzi atsopano, DOS anali kukhuthula mtsuko umene wakhala nthawi yaitali koposa osatungidwamo. Tsono DOS 2.0 akapanda kuuzidwa kanthu anali kupatula ma buffer 2 cabe. Ndi mitsuko iwiri, cimene wakhuthula tsopano apa ndico udzacifune pakapita kamphindi, ndipo ulendo wa ku citsime sutha. Amene anagwirapo makina amenewo amakumbukira phokoso lake: kanyali kofiira kayaka, disiki ikulira kuti kwe-kwe-kwe, munthu atapinda manja kudikira.

Mankhwala ake anali mzere umodzi m'CONFIG.SYS, wonena kuti BUFFERS, cizindikiro ca kufanana, ndi nambala. Nambalayo inaloledwa kuyambira 1 kufika 99. Pofika 1987, DOS 3.3 anali atacenjerako, pakuti akapanda kuuzidwa anali kusankha yekha poyang'ana kukula kwa RAM, ndipo pa kompyuta ya 512 KB kapena kuposerapo anali kupatula ma buffer 15.

Ana ambiri ndikawauza zimenezi amafulumira kunena kuti, basi tilembe 99. Umu ndi mmene anali kuganizira akulu-akulu ambiri panthawiyo, ndipo anali kulakwa. Mitsuko imadya malo m'nyumba. Mu DOS 3, buffer imodzi inali kutenga ma byte 528, ndiwo 512 a sector ija ndi 16 ena olembapo kumene sector yacokera. Ma buffer 20 anali kudya ma byte 10,560, pamene 99 anali kudya 52,272. Kumbukirani kuti DOS ndi mapulogalamu ake onse anali kukhala mopanikizana m'RAM yosapitirira 640 KB, ndiwo ma byte 655,360, ndipo makompyuta ambiri analibe ngakhale imeneyo. Munthu akadzaza nyumba ndi mitsuko, mlendo amasowa pokhala: pulogalamu yaikulu inali kukana kuyamba cifukwa ca kucepa kwa malo. Panalinso cina. DOS wa nthawiyo anali kusuzumira m'mitsuko umodzi-umodzi pofuna sector, cotero mitsuko ikaculukitsa, kusuzumirako kunali kudya nthawi imene mwini wake anafuna kupulumutsa. Ndiponso pa nchito zina, monga kukopera fayilo yaikulu kuyambira kumutu mpaka kumapeto, ma buffer sanali kuthandiza kweni-kweni, pakuti sector iliyonse inali kufunika kamodzi kokha. Kumene anali kuonetsa mphamvu ndi pa nchito yobwerera-bwerera pamalo amodzi, monga kufufuza maina m'ndandanda yaitali. N'cifukwa cake nambala yabwino inali kudalira nchito ya munthu, ndipo m'maofesi ambiri inali kugwera pakati pa 15 ndi 30.

Mzere waciwiri unali wa FILES. Uwu tiumvetse poganiza za cipinda cosungiramo katundu wa sukulu. Aphunzitsi oyang'anira cipindaco ali ndi buku lolembamo zobwereka. Wina akatenga mpira amalembedwa pa mzere umodzi, wina akatenga khasu amalembedwa pa mzere wina, ndipo cinthu cikabwezedwa mzere wake umafutidwa. Tsono tinene kuti bukulo lili ndi mizere 8 yokha, ndipo lamulo ndi lakuti kanthu sikaturuka osalembedwa. Munthu wa nambala 9 adzabwezedwa cimanja-manja, ngakhale kuti makasu ali mbwee m'cipindamo.

DOS anali ndi buku lotere m'RAM. Pulogalamu ikatsegula fayilo, iye anali kulemba pa mzere umodzi dzina la fayiloyo, kukula kwake, amene waitsegula, ngati waitsegula kuti awerenge cabe kapena kuti alembemo, ndi pamene wafika powerenga. Akapanda kuuzidwa kanthu, mizere inali 8. Koma itatu mwa imeneyi inali yotengedwa kale kompyuta ikangoyaka, cifukwa DOS anali kuwerengera zipangizo zina ngati mafayilo: CON, ndiye kiyibodi pamodzi ndi sikirini, PRN, ndiye makina osindikizira, ndi AUX, ndiye khomo lolumikizira cipangizo cina ca kunja. Yotsala inali 5.

Kwa munthu wolemba kalata imodzi, mizere 5 inali yokwana. Koma mu 1984 kampani ya Ashton-Tate inatulutsa dBASE III, pulogalamu imene maofesi ambiri anali kusungiramo ndandanda za anchito, za katundu ndi za malipiro. Nchito imodzi ya dBASE inali kutsegula mafayilo angapo nthawi imodzi: ya maina, ya ndondomeko ya mainawo motsata alifabeti, ya maonekedwe a lipoti, ndi ya malangizo a pulogalamu. Mizere ikatha, nchito inali kuima pakati ndi uthenga wa Cingelezi wonena kuti mafayilo otsegulidwa aculukitsa. Kalaliki wosadziwa anali kuyamba kufuta mafayilo pa disiki poganiza kuti yadzaza, pamene cimene cadzaza ndi buku la zobwereka. Eni pulogalamuyo anali kulangiza kuti CONFIG.SYS ikhale ndi mizere iyi, ndipo aphunzitsi muilembe pa bolodi monga ilili:

FILES=20
BUFFERS=15

Mzere wa m'buku la zobwereka unali wochipa poyerekeza ndi mtsuko, pakuti sunali kufika ma byte 60. Motero kuonjezera FILES sikunali kupweteka monga kuonjezera BUFFERS, ndipo kuyambira DOS 3 nambalayo inaloledwa kufika 255. Kwa aphunzitsi okonda kufufuza ndionjezepo kuti panalinso malire ena a pulogalamu iliyonse payokha. Inali kupatsidwa timanambala 20 toitanira mafayilo, ndipo 5 mwa timeneti tinali tolozera kale ku zipangizo zija, kutsala 15. Conco kulemba FILES=99 sikunali kupatsa pulogalamu imodzi mafayilo 99, pokhapokha ngati inalembedwa mwa njira yopempha ena, njira imene inabwera ndi DOS 3.3.

Kalembedwe ka CONFIG.SYS kanali kosavuta, koma kanali ndi misampha. Ambiri anali kulemba lamulo lakuti COPY CON CONFIG.SYS, n'kulemba mizere yao, n'kutsiriza ndi batani la F6 ndi Enter. Msampha unali wakuti ngati panali kale CONFIG.SYS ina, DOS wakale anali kuifafaniza osafunsa, pamodzi ndi mizere ina yonse imene munthu wina anaikamo. Kafayiloka kanayenera kukhala pa khomo peni-peni pa disiki yoyatsira kompyuta, osati m'kati mwa directory ina. Ndipo popeza DOS anali kukawerenga kamodzi kokha, poyaka, kusintha nambala kunalibe phindu kufikira munthu atayatsanso makina, kawiri-kawiri pokanikiza pamodzi mabatani atatu a Ctrl, Alt ndi Del. Munthu akaphonya cilembo cimodzi, mwacitsanzo kulemba BUFERS ndi F mmodzi, DOS anali kudandaula mwacidule kuti lamulolo sakulidziwa, n'kupitiriza ndi nambala yake yakale. Uthengawo unali kudutsa msanga pa sikirini, mwakuti ena anatha miyezi akukhulupirira kuti anakonza makina ao.

Tsopano tibwerere kwa amayi aja a Giredi 7. Kufikira pano takamba za kutunga, ndiko kuwerenga kucokera ku disiki. Koma mitsuko yomweyo imagwiranso nchito polemba. Pokolola cimanga simupita ku nkhokwe ndi cisononkho cimodzi-cimodzi. Mumaunjika m'dengu, ndipo likadzaza mumakakhuthula. DOS nayenso, pulogalamu ikamupatsa zilembo 60 kuti alembe pa disiki, anali kuziika kaye mu buffer, n'kuikapo cizindikiro cakuti zimenezi sizinafike ku nkhokwe, n'kuuza pulogalamu kuti ipitirize. Anali kukakhuthula pambuyo pake, buffer ikafunika pa nchito ina, kapena fayilo ikatsekedwa. Ndiponso kukula kweni-kweni kwa fayilo anali kukulemba m'ndandanda ya maina panthawi yotseka fayiloyo. Conco magetsi akazima fayilo yatsopano isanatsekedwe, mawa lake munthu anali kupeza dzina lilipo, koma kukula kwake kuli 0. Nthawi zina pulogalamu ya CHKDSK inali kutolera zidutswa zosocera pa disiki n'kuziika m'mafayilo a maina monga FILE0000.CHK, ndipo munthu wamwayi anali kupezamo theka la nchito yake.

Ngoziyi inakula pamene madengu anakula. Makompyuta atayamba kukhala ndi RAM yoposa 640 KB, kunabwera pulogalamu ya SMARTDRV, imene inali kupatula malo aakulu ndithu osungiramo zocokera ku disiki ndi zopita ku disiki. Imene inabwera ndi Windows 3.1 mu 1992, ndi DOS 6.0 mu 1993, inali kucedwetsa dala kulemba pa hard disk kuti nchito ioneke yofulumira. Anthu anazolowera kuti akaturuka m'pulogalamu, sikirini ikangoonetsa kuti DOS wakonzeka, amazima makina. Koma tsopano panthawi imeneyo dengu linali likali panjira, ndipo ena anataya mafayilo. DOS 6.2, amene anatuluka cakumapeto kwa 1993 yomweyo, anakonza zimenezi: SMARTDRV anayamba kukhuthula zonse coyamba asanaonetse kuti wakonzeka. Ine ndimaona kuti pamenepa Microsoft inacita bwino, ngakhale kuti makina anaoneka ngati acedwako pang'ono, cifukwa munthu wamba amakhulupirira zimene sikirini yamuuza, ndipo alibe njira ina yodziwira.

DOS womaliza kugulitsidwa payekha ndi Microsoft anali 6.22, wa mu 1994. Mizere ya FILES ndi BUFFERS ikalipo mu FreeDOS, amene Jim Hall anayambitsa caka comweco, ndipo makompyuta ena atsopano amagulitsidwa ali ndi FreeDOS m'kati. Koma pa kompyuta ya pa sukulu panu simudzafunika kulemba mizere imeneyi. Akapitawo a lero amasankha okha. Windows ndi Linux amatenga RAM imene ilibe nchito panthawiyo n'kuisandutsa mitsuko, ndipo pulogalamu ikafuna malo amaibwezera. Buku la zobwereka nalo likalipo, lakula cabe. Pa Linux wambiri pulogalamu imodzi imaloledwa mafayilo 1,024 pokhapokha woyang'anira makina atasintha, ndipo pulogalamu yamwano, imene imatsegula mafayilo osatseka monga mwana wobwereka makasu osabweza, imafikabe pa malirewo n'kuima.

Cimene sicinasinthe ndi dengu la panjira lija. Pa Linux, zolembedwa zingakhale m'RAM masekondi ofika 30 zisanayambe kutumizidwa ku disiki. Pa Windows, Microsoft inalengeza kuti kuyambira Windows 10 ya nambala 1809, ya m'caka ca 2018, fulashi izilembedwa mosacedwetsa pokhapokha mwini atasankha yekha njira yofulumira. Zimenezi zinacepetsa ngozi, koma sizinaithetse, pakuti fulashi yozulidwa kulemba kuli m'kati imaonongekabe. Amayi aja anazula fulashi pulogalamu ikali yotsegula, kanyali ka fulashi kakali kuphethira. Ndikhulupirira kuti dzina la fayilo linali litafika ku nkhokwe, koma malikisi a ana anali akali m'dengu.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali inanso. M'caka ca 2024, madzi a m'nyanja ya Kariba atacepa kaamba ka cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku m'dziko lonse, ndipo zotere zinacitikanso mu 2015 ndi 2019. Kompyuta ya pa tebulo imene ilibe batire imazima nthawi yomweyo magetsi akapita, pamodzi ndi zonse za m'RAM. Cotero aphunzitsi, polemba malikisi musadikire kuti mumalize kalasi yonse. Sungani nchito yanu pakapita ana 10 alionse. Mukamaliza, tsekani fayilo ndi pulogalamu yomwe. Musanazule fulashi, uzani kompyuta kuti mufuna kuicotsa, pogwiritsa nchito kacizindikiro ka pansi pa sikirini kapena lamulo la Eject, ndipo dikirani kufikira itakuyankhani kuti mungacotse. Lamulo limenelo tanthauzo lake ndi lakuti, khuthula madengu onse ndi kufuta mizere ya m'buku la zobwereka. Ikakana, ndiye kuti pali fayilo imene ikali yotsegula, ifuneni muitseke. Pozima kompyuta, izimeni ndi lamulo lake la Shut down, osati pa swichi ya pa khoma. Ndipo fayilo ya mayeso ikhale m'malo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, cifukwa ngakhale munthu wosamala angathe kutaya fulashi m'basi.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mukumvetsera pa sukulu imene ilibe kompyuta ngakhale imodzi. Phunziroli lingaphunzitsidwebe pa bwalo, ndipo ana amalikonda. Dulani makadi atatu, mulembepo 1, 2 ndi 3, ndipo khadi lililonse likhale ndi makope ake angapo. Mwana mmodzi akhale Disiki, aime ndi makadiwo kumapeto kwa bwalo. Wina akhale DOS, aime pafupi ndi kalasi ali ndi mbale ziwiri patsogolo pake, ndipo mbale iliyonse iloledwe khadi limodzi lokha. Wacitatu akhale Pulogalamu, aziitana manambala motere: 1, 2, 3, 1, 2, 3, 1, 2, 3. Nambala yoitanidwa ikakhala m'mbale, DOS angoikweza m'mwamba. Ikapanda kukhalamo, athamange kukaitenga kwa Disiki, ndipo ngati mbale zonse zili zodzaza, acotse khadi limene lakhala nthawi yaitali koposa osaitanidwa. Ana ena onse aziwerenga maulendo. Ndi mbale ziwiri DOS adzathamanga maulendo 9, osapumula ngakhale kamodzi. Muonjezereni mbale imodzi, ndipo maulendo adzatsika kufika pa 3. Kenaka mupatseni mbale 10, ana aone okha ngati maulendo atsikenso, ndipo muwafunse kuti mbale 7 zopanda kanthuzo zikucita ciani pamenepo.

Pomaliza tembenuzani masewerawo. Pulogalamu azilemba maina a anzake pa timapepala n'kupatsa DOS, ndipo DOS azisunga m'mbale kufikira atakwana atatu asanapite nao kwa Disiki. Inu aphunzitsi gwirani belu kumbuyo, ndipo mulilize panthawi imene ana sakuyembekezera. Belulo ndi kuzima kwa magetsi. Mapepala onse amene ali m'mbale kapena m'manja mwa DOS ang'ambidwe pamaso pa kalasi, ndipo Disiki awerenge mokweza maina amene anamufika. Ana amene maina ao sanamveke aimirire, kuti kalasi iwawerenge.